Loboti yokwera mashelefu na anyamata okwera matumba ku Katete

Lolemba m'mawa basi yathu itaima pa jamu pafupi na Manda Hill, mnyamata amene ndinakhala naye mpando umodzi anandionetsa kavidiyo pa foni. Kamakina kooneka ngati sutukesi ya mawilo kanathamanga pansi, kanalowa pakati pa mashelefu, basi n'kuyamba kukwera ngati gologolo. Kondakita anasuzumira nati, "Ba mudala, apa nchito yasila."

Ine maganizo anathawira kwathu ku Mkaika. Mu Ogasiti ndinapita ku Kulamba, kwa Kalonga Gawa Undi, ndipo ndinapeza mphwanga, mwana wa mlongo wanga, akutsimphina. Amagwira ganyu yosanja matumba a cimanga pa shedi ina ya wogula mbewu kufupi na Katete boma. Anaterereka ali pamwamba pa mulu, thumba la makilo 50 lili paphewa.

Nditafika ku nchito ndinakafufuza kamakina kaja. Dzina lake ni Skypod, kopangidwa na kampani ya ku France ya Exotec imene inayamba mu 2015. Kamanyamula makilo 30 ndipo kamakwera mpaka mamita 12. Cimene cinandidabwitsa n'cakuti nzeru yaikulu siili mu loboti yokha, ili mu shelefu. Mizati ya shelefu ili na njira ya mano kuyambira pansi mpaka pamwamba. Loboti ikafika imatulutsa timawilo ta mano m'mbali, n'kuluma mizati ya uku ndi uku, monga giya wa njinga alumira cheni. Ndiye sikwera na mphamvu yogwira ngati munthu pa mtengo wa mango. Dzino lililonse lili na malo ake oponda. Mbali zonse ziyenera kuzungulira pamodzi, apo ayi loboti ipendekeka n'kukakamira pakati. Ndipo pa makina onyamula katundu m'mwamba, mainjiniya amaika buleki imene imagwira yokha magetsi akazima.

Ena anasankha kuti loboti isakwere n'komwe. AutoStore ya ku Norway imayendetsa maloboti ake pamwamba pa mabokosi osanjikizana, n'kumatsitsa cogwirira kuti cikoke bokosi, ngati mmene titungira madzi pa citsime. Nazonso si zangwiro iyayi. Mu Julayi 2021 maloboti a kampani ya Ocado anagundana ku Erith, ku London, moto n'kubuka.

Manje tiyeni tibwerere ku Katete. Kodi loboti yotere ingatenge nchito ya mphwanga? Ine ndikuti osati posacedwa. Imafuna simenti yosalala, mizati yoongoka bwino, mabokosi a saizi imodzi na malaiti osathawa. Ife mu 2024, madzi atacepa ku Kariba, tinali kukhala pafupifupi tsiku lonse mumdima. Komanso thumba la cimanga lilibe cimake. Limafwamphuka, limapindika, likabooka limayamba kutaya. Mulu wa matumba ulibe mizati, makwerero ake ni matumba omwewo, osanjidwa ngati masitepe. Mnyamata amaponda pa cinthu cimene cikusuntha, katundu wake woposa wa loboti ija na makilo 20, ndipo buleki yake ni zala za kumapazi.

Apa m'pamene kavidiyo kaja kanandipweteka mtima. Kuti bokosi la nsapato lisagwe, anthu anakhala pansi zaka n'kuwerengera dzino lililonse la giya. Nanga munthu wokweza cakudya ca dziko lonse anamuwerengera ndani?

Nkhaniyi si ya kumudzi cabe. Cilala ca 2024 cinatisiya na matani a cimanga pafupifupi 1.5 miliyoni. Mu 2025 tinakolola oposa 3.6 miliyoni. Mashedi sakula mu caka cimodzi, ndiye cimanga cikaculuka mulu umapita m'mwamba, kapena umakhala panja pansi pa tenti. Unga umene mumagula pa kantemba mu Kanyama kapena mu Mtendere, cimanga cake cinakwera na kutsika pa msana wa munthu kangapo: pa depoti, pa thiraki, pa shedi, pa cigayo.

Sindikupempha maloboti a ku France. Alipo makina osavuta, lamba woyenda pa cimango copendekeka, amene amakweza thumba kucokera pansi kukalitula pamwamba pa mulu. Amayenda na kamota kamagetsi kapena kainjini ka dizilo, ndipo cimango cake anyamata owotcherera zitsulo a ku Kalingalinga sangacilephere. Anthu osanja amafunikabe, wina pansi, ena pamwamba, kungoti kukwera na katundu kumatha. Vuto ni masamu a mwini shedi. Mnyamata amalipidwa pa thumba, akavulala amapita kunyumba, m'mawa pa geti pali ena khumi. Malinga ngati bondo la munthu silimudyera ndalama wogula mbewu, lamba uja sadzagulidwa. A Food Reserve Agency na ogula akuluakulu angathe kuika lamulo la kutalika kwa mulu umene munthu aloledwa kukwera atasenza, ndipo a Unduna wa Zanchito angathe kupita kukaona.

Mlongo wanga anaimba foni dzulo. Akuti bondo likali lotupa, koma mphwanga wabwerera ku shedi cifukwa mathiraki a feteleza ayamba kufika.