Mitumbira ya ku Bahrain Si Mafano

Kumadzulo kwa chilumba cha Bahrain kuli mitumbira 11,774 ya miyala ndi dothi, manda a anthu a ufumu wakale wa Dilmun. Inamangidwa pakati pa zaka za 2200 ndi 1750 Mneneri Isa (AS) asanabadwe, nthawi imene amalonda a pachilumbapo ankapititsa mkuwa wa ku Oman ku Mesopotamia. M'chaka cha 2019 bungwe la UNESCO linaiika pa mndandanda wa malo ofunika kutetezedwa padziko lonse. Komatu iyi ndi yotsala chabe. Yambirimbiri inasalazidwa ndi makatapila m'zaka za m'ma 1980, pomanga tawuni ya Hamad ndi msewu wolunjika ku mlatho wa King Fahd.

Chopweteka n'chakuti ena anaveka chiwonongeko chotere mkanjo wa chipembedzo. Aphungu ena a nyumba ya malamulo ya dzikolo anati nyumba za amoyo n'zofunika kuposa manda a anthu amene sanali Asilamu.

Mawuwa amveka ngati achikhulupiriro, koma ndi opanda maziko. Chimene Chisilamu chimakaniza ndi kusandutsa manda kukhala malo opembedzerapo. Ndani anagwadirapo mtumbira wa Dilmun? Ku A'ali, kumene kuli manda aakulu a mafumu, oumba mbiya anafika pomanga ng'anjo zawo m'mbali mwa mitumbirayo. Imeneyo si shiriki; kungakhale kupeputsa, koma shiriki ayi.

Odziwa mbiri adzatikumbutsa kuti pamalo pamene panamangidwa mzikiti wa Mtumiki (SAW) ku Madina panali manda a opembedza mafano, ndipo anafukulidwa. N'zoona. Chimenecho ndi chilolezo pamene pali chosowa chenicheni, osati lamulo lakuti manda onse akale afafanizidwe. Ndipo Qur'an yomweyo imatilimbikitsa kangapo kuyenda padziko kuti tione mathero a mibadwo yakale. Tidzaona chiyani pamene pathiridwa simenti?

Kusowa kwa nyumba ku Bahrain si nthano, chifukwa dzikolo ndi laling'ono ndipo anthu ndi othithikana. Koma dziko lomwelo lakwirira nyanja n'kumangapo zilumba za anthu olemera, monga Amwaj ndi Durrat Al Bahrain. Malo a nyumba zapamwamba anapezeka. A nyumba za anthu wamba afunidwe ndi khama lomwelo, mitumbira yotsalayo isakhudzidwe.