Muyezo Umene Munthu Amadziyesera

M'chaka cha 1890, William James, mphunzitsi wa ku Harvard, analemba kuti ulemu umene munthu amadzipatsa umabadwa pamene alinganiza zimene wakwaniritsa ndi zimene anadzilonjeza, kotero kuti mtima ungakhale pansi pokolola zochuluka, kapenanso pochepetsa zimene ukulakalaka. Ndikhulupirira kuti apa ndipo pagona chifukwa chimene kukhutira ndi moyo kumasinthira ndi msinkhu.

Taonani mnyamata amene waima pa khoma la sukulu, chala chikutsika pa mndandanda wa amene akhoza mayeso a MSCE, kufikira pepala latha dzina lake losaoneka. Ameneyo amabwerera kwawo atadziweruza yekha kuti ndi wachabe, pakuti pa msinkhu wake munthu amadziona ndi maso a anzake. Akafika pakati pa moyo muyezo umakula, chifukwa bambo amene fizi ya ana yamufinya amapenya nyumba ya malata ya mnzake amene anavinidwa naye limodzi, nayamba kuwerenga zaka zimene zapita. David Blanchflower ndi Andrew Oswald anaonetsa mu 2008 kuti m'maiko ambiri chimwemwe chimatsikitsitsa munthu ali m'zaka za m'ma 40, ndipo pambuyo pake chimakweranso, monga ngati munthu wavomera tsopano kuti fodya wako ndi uyo ali pamphuno.

Koma chimene chandivutitsa mtima chili ku ukalamba. Ulrich Orth wa ku Bern ndi anzake anapeza mu 2018 kuti kudzilemekeza kumakwera kufikira zaka 60, kukhazikika mpaka 70, kenaka n'kuyamba kutsika. Nyamakazi ndi kufooka kwa maso zili ndi mbali yake, inde, koma ine ndiyesa kuti chimene chimathyola nkhalamba makamaka ndicho kusafunidwanso. Makolo athu, amene ankati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, ankatula milandu ya banja pamaso pa agogo, nawasiyira kusankha mbewu ndi kulangiza anamwali. Lero m'midzi ina gogo yemweyo akumuloza chala kuti ndi mfiti, ndipo ena aphedwa nazo, chinthu chochititsa manyazi mtundu wonse. Ngakhale mwana wabwino amene amatumiza ndalama pa foni mwezi ndi mwezi, osafunsako nzeru za mayi ake pa za munda kapena ukwati wa mdzukulu, amawadyetsa ndithu, komabe amawasiya akudziyesa katundu wolemetsa ana.