Mfuti ya mpweya: iyeseni papepala musanatulutse ndalama

Amangwetu, sabata ino ndabwera ndi nkhani ya mfuti. Musathawe ayi, sindikunena ma AK47 aja ankadumpha malire nkhondo ya ku Mozambique itatha mu 1992. Ndikunena mfuti ya mpweya, ija ena amati ya mapeleti, yophera njiwa, nkhwali, agologolo ndi makoswe.

Anzathu ena a geni akuisirira mfutiyi. Wina akuti makoswe amutopetsa mosungira matumba a chimanga, wina akuti akapita kumudzi nthawi yokolola azikapezako ndiwo. Zonsezi n'zomveka. Koma tamvani kaye zimene zinamuonekera msuweni wanga.

Msuweni wangayu amagulitsa anyezi ndi tomato pamsika wina mu Blantyre muno. Chaka chatha kunabwera mnyamata wochokera ku Joni atanyamula mfuti yonyezimira, yakuda bii, galasi loyang'anira lili pamwamba ngati za m'mafilimu. Pabokosi panalembedwa nambala yaikulu, 1200. Mnyamatayo anati nambalayo ndi liwiro, ati mfuti imeneyi njiwa imagwa isanamve kulira kwake. Msuweni sanafunse zambiri, anangothyola mpamba n'kulipira.

"Msuweni, chaka chino nyemba ndasiya, ine ndi wa nyama basi," anandiuza akuisisita ngati mwana wakhanda.

Titapita kumudzi mu June, njiwa zili mbwee m'munda mwa mapira, anaomba tsiku lonse. Mapeleti anatha theka la kachitini, njiwa osagwa ndi imodzi yomwe, kupatula ina imene inathawa ikukoka phiko kukafera kutchire. Madzulo anachalira njiwa itatera pachitsa, peleti n'kukalasa mbuzi ya eni ake imene inkadya chapatali pang'ono. Mawa lake tinali pabwalo la amfumu. Analipira mbuzi, analipiranso nkhuku ya bwalo, ndipo kumsika anabwerera opanda ndalama yopikulira tomato. Chikomekome cha mkuyu, abale, m'kati muli nyerere.

Pamudzipo pali madala ena amene anagwirapo ntchito ya ulonda ku maesiteti a tiyi ku Thyolo. Iwowa ali ndi mfuti yakale ya BSA, mtengo wake unachita kuyera ndi manja. Atamva za mlanduwo anatiitana.

"Anyamata inu, bweretsani katoni ndi makala," anatero.

Anajambula kadontho pakatoni, n'kuiimika patsinde pa chulu, n'kuwerenga masitepe aatali 20. Anakhala pansi, n'kutsamiritsa dzanja pathumba la madeya, n'kuomba kasanu ndi mfuti ya msuweni. Mabowo anamwazikana ngati nthomba, lina kumwamba, lina kumbali, kutalikirana kuposa chikhatho. Kenaka anaomba kasanu ndi BSA yawo. Mabowo onse asanu tinawaphimba ndi chitsekerero cha botolo la Fanta.

"Mwaona? Mfuti imanena zoona papepala. Pabokosi amalankhula ndi wogulitsa," anatero madalawo.

Nkhani yonse yagona pamenepo. Inu a pamsika mumadziwa kuti sikelo ya munthu wachilendo simungoikhulupirira, mumayamba mwaikapo paketi ya shuga ya kilo imodzi. Mfuti nayonso ili ndi kayesedwe kake. Ombani kasanu pamamita 20, mukuchalira malo amodzi. Musadandaule ngati mabowo agwera kumbali kwa kadontho, zimenezo zimakonzeka popotokola timasikuluwu ta choyang'anira. Chofunika n'chakuti mabowowo akhale pamodzi. Mutu wa njiwa kapena wa gologolo ndi waung'ono, ndiye mfuti yolephera kuunjika mapeleti pansi pa chitsekerero cha botolo izingovulaza nyama n'kumakutayitsani ndalama. Wogulitsa akakana kuti muyese, bwezani ndalama m'thumba muzipita.

Nanga 1200 uja? Nambala imeneyo ndi mafiti amene peleti limayenda pasekondi imodzi, ndiye kuti mamita pafupifupi 365. Kawirikawiri opanga amaipeza poombera mapeleti opepuka kwambiri, osati a mtovu amene inu muzikasakira. Chinanso, phokoso limayenda mamita pafupifupi 340 pasekondi, ndipo peleti likayandikira liwiro limenelo limayamba kugwedezeka m'malere n'kusochera. Choncho liwiro lochita kunyanya limaononga kulunjika.

Taonani za ku England. Kumeneko mfuti ya mpweya imene munthu amaloledwa kukhala nayo popanda chiphaso siyenera kupitirira mphamvu ya majoule 16, ndipo ndi mphamvu yomweyo alenje amaphera akalulu ndi nkhunda zakutchire pamamita 25 kapena 30. Pamphamvu imeneyi peleti laling'ono limayenda mamita pafupifupi 240 pasekondi, ndipo n'zokwanira. Koma chenjeraninso ndi yofooka. Mukaona pachitsulo pali chilembo F m'kati mwa kachizindikiro ka ngodya zisanu, dziwani kuti imeneyo inapangidwira malamulo a ku Germany, mphamvu yake sipitirira majoule 7.5. Ndi yabwino pophunzirira ndi pa makoswe apafupi, koma nkhwali ingoivulaza.

Tsono mitundu. Yodziwika kwambiri ndi yothyola pakati. Mukathyola mpope wake mumakankha sipulingi yaikulu m'kati, ndipo mukaomba sipulingiyo imakankha mpweya umene umatulutsa peleti. Imeneyi sifuna magetsi, sifuna botolo, ingofuna mkono wanu ndi mapeleti. Ikafooka mumasintha sipulingi ndi timphira, basi yabwerera. Kwa munthu wa geni amene aziitengera kumudzi, ine ndikuti yambani ndi imeneyi.

Vuto lake n'lakuti imadumpha poomba, ndipo imadumpha peleti lisanatuluke. N'chifukwa chake siifuna kufinyidwa ngati khasu. Muziigwira mofewa, dzanja lili malo omwewo nthawi zonse, ndipo mpope wake musautsamiritse pamwala kapena panthambi. Anthu ambiri amanyoza mfuti yabwino pamene vuto lili m'manja mwawo.

Mtundu wina ndi wa PCP, umene uli ndi kathanki kosungira mpweya. Imeneyi sidumpha, imalunjika mokoma, ndipo mumaomba kambirimbiri musanaipopenso. Koma kathankiko kamafuna mpweya wothinana mpaka mabar 200, pamene tayala la galimoto yaing'ono limangofuna awiri ndi pang'ono. Pampu ya njinga singathe, ya pafilingi sitesheni singathenso. Mufunika kugula pampu yakeyake, ndipo kamphira kamodzi kakatha mpweya wonse umathawa usiku umodzi. Ndipo ndikuchenjezeni, musayerekeze kukaithira mpweya wa okisijeni kwa owotcherera zitsulo. Okisijeni akakumana ndi mafuta a m'kati mwake, mfuti imaphulika m'manja. Palinso zina zoyendera timabotolo ta gasi wa CO2. Zimenezo ndi ngongole yosatha, chifukwa timabotolo tikatha mfuti yasanduka ndodo.

Pa kukula kwa bowo, zofala ndi ziwiri: 4.5 mm imene amalembanso .177, ndi 5.5 mm imene amalemba .22. Peleti la 4.5 limalemera pafupifupi theka la galamu, limayenda mowongoka, ndiye n'losavuta kwa wophunzira ndi pa mbalame. La 5.5 limayandikira galamu yathunthu, limamenya molemera, koma limagwa msanga, ndiye mumafunika kudziwa bwino kutalika kwa pamene pali nyama. Musanasankhe, yendani kaye m'masitolo muone kuti mapeleti opezeka mosavuta ndi ati. Kugula mfuti imene mapeleti ake mpaka adikire basi ya ku Joni n'chimodzimodzi kugula wailesi yopanda mabatire.

Mapeletiwo sankhani a mutu wobulungira ngati bowa. Osongoka aja amaoneka oopsa koma patali salunjika bwino. Tsegulani kachitini muone ngati masiketi ake sanapindike, chifukwa peleti lopindika limapita kumene lafuna. Dziwaninso kuti mfuti iliyonse ili ndi mapeleti amene imagwirizana nawo, choncho yesani mitundu iwiri kapena itatu papepala, ndipo mukapeza oyenera musasinthenso.

Ambirife tidzagula yogwiritsidwapo kale ntchito, ndiye itembenuzeni ngati malaya a pakaunjika. Mukaitseka, gwedezani mpope wake uku ndi uku. Ukamagwedera, mfuti imeneyo singalunjike. Ya msuweni vuto lake linali lomweli, kuphatikizapo galasi lotchipa limene linali litamasuka m'kati. Ithyoleni pang'ono, muyang'ane kuwala kudzera m'bowo. Muyenera kuona mizere yozungulira yoyera bwino, popanda dzimbiri, chifukwa mizereyo ndi imene imazunguliritsa peleti kuti liyende mowongoka. Onani kukamwa kwa mpope ngati sikunaphwanyike. Onani kamphira ka pamene mumalowetsa peleti ngati sikanang'ambike. Potchera mverani: ikamakukuta ngati chigayo chopanda mafuta, sipulingi yathyoka kapena yatsala pang'ono. Kachitsulo kowombera nako kasakhale kolimba kochita kukoka ndi mphamvu, chifukwa pokoka mumasuntha mfuti yonse.

Za galasi loyang'anira musatengeke nazo. Mfuti ya sipulingi imagwedeza kutsogolo ndi kumbuyo komwe, ndipo galasi lotchipa limafa m'masabata ochepa. Pamamita 20 kapena 25, zoyang'anira zachitsulo zimene mfuti imabwera nazo zimakwanira. Ndalama ya galasiyo gulirani mapeleti abwino ophunzirira.

Maina amene alenje amawalemekeza alipo. Weihrauch ndi Diana ndi za ku Germany, BSA ndi ya ku Birmingham ku England, ndipo BSA Meteor inayamba kupangidwa mu 1959. Gamo ya ku Spain ndi Hatsan ya ku Turkey zimakhala zotsikirapo mtengo. Za ku China ziliponso zambiri, zina zabwino ndithu, zina zangokhala zidole. Koma inu a pamsika mukudziwa kuti dzina amatha kumata pa chilichonse, ngati zimachitikira nsapato. Ngakhale palembedwe dzina lotchuka bwanji, katoni ndi makala zikhale pafupi.

Mukagula, pali zinthu zitatu zopha mfuti ya sipulingi. Choyamba, kuomba mulibe peleti, chifukwa chitsulo cha m'kati chimakamenya kutsogolo popanda chochitchinga. Chachiwiri, kuisiya yotchera usiku wonse, sipulingi imafooka. Chachitatu, kuthira oilo wa galimoto kapena mafuta ophikira pakabowo kotulukira mpweya. Mafutawo amayaka m'kati ngati mu injini ya dizilo, mfuti imalira kwambiri n'kutulutsa utsi, anyamata n'kumati yawonjezera mphamvu, pamene timphira tikupsa. Kunja kokha ndiko muzipukuta ndi kansalu ka mafuta pang'ono, makamaka nthawi ya dzinja.

Tsopano za boma, poti safunsa anadya phula. Ku South Africa mfuti za 4.5 ndi 5.5 zimagulitsidwa m'sitolo popanda laisensi, koma lamulo la kumeneko limathera kumeneko. Pachipata cha Mwanza kapena Dedza mukumana ndi malamulo a kuno. Musanaitanitse kapena kulipira, pitani kupolisi mukafunse za mapepala a mfuti imene mukufunayo, ndipo wogulitsa akupatseni lisiti yolembapo nambala ya mfutiyo. Kusaka nako kuli ndi lamulo lake, la za malo osungira nyama zakutchire la 1992, limene linakhwimitsidwa mu 2017 mpaka zilango zina kufika zaka 30 kundende. Kafunseni ku nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire kuti ndi mbalame ziti zololedwa ndipo chiphaso chake n'chotani. Ku Liwonde, ku Lengwe, ku Kasungu ndi m'nkhalango zina zotetezedwa musayandikireko ndi mfuti, ngakhale ya mpweya.

Ndipo musaiyese choseweretsa. Peleti limaboola diso, limatha kupha mwana, ndipo mukaombera m'mwamba limakagwa kupitirira mamita 200. Likamenya mwala kapena madzi limanjanja n'kulowera kwina. Musanakoke chala, onani chimene chili kuseri kwa nyamayo. M'misika ndi m'makomboni mothinana ngati Ndirande kapena Kawale si moombera mfuti. Makoswe a pamsika atchereni misampha. Anyani, agwape ndi agalu si nyama za mfuti imeneyi, mungozizunza. Nkhunda za aneba nazo zili ndi eni ake. Mapeleti musamaike m'kamwa ngati amachitira anyamata ena, chifukwa mtovu ndi poizoni, ndipo posadzula mbalame chotsani peleti ndi kanyama kozungulira bala. Kunyumba mfuti ikhale yokhomeredwa, mapeleti kwina.

Msuweni uja pano anabwerera pa tomato wake, ngongole ya mbuzi anamaliza mu December. Mfuti yonyezimira ija ili pansi pa bedi, palibe akuifuna. Sabata yatha kunabweranso mnyamata wina pabenchi pake ndi mfuti ina, akuti iyi ndiye yeniyeni. Msuweni sanayankhe, anangong'amba katoni ya sopo n'kutola khala pambaula ya mayi wogulitsa chimanga chootcha.

"Achimwene, tiyeni kudambo tikaione," anatero.

Mnyamatayo anati ali ndi changu, abweranso mawa. Mpaka lero sanaoneke.

Tikumane sabata yamawa, geni ikuyendereni.