Ndinkaitcha madalitso pomwe inali ngongole

Lero ndalemba zazitali, mupirire nane. Nkhani yake ndi ya kakhadi kaja kali m'chikwama mwanu, credit card.

Ndiyambe ndi manyazi anga omwe. Nditangokhazikika kuno, ndikugwira mashifiti a usiku ku care home, banki ina inanditumizira khadi yoti ndingagwiritse ntchito mpaka £1,200. Ndinagwada pakapeti kuthokoza. Lamulungu lotsatira ndinaima kutsogolo kuchitira umboni kuti khomo latseguka, anthu n'kuwomba m'manja. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anandikokera pambali n'kundiuza kuti, abusa, ndalama zimenezo si zanu.

Pomatha miyezi inayi khadi inali itadzaza. Suti ya kumsonkhano, foni ya mayi akunyumba, kenako maliro awiri kumudzi motsatizana. Za malirozo ndi zimene zinandiluma kwambiri. Ndinatumiza ndalama pa app, n'kulipira ndi khadiyo, osadziwa kuti mabanki ambiri amaziwerenga ngati watapa kashi pa ATM. Kutapa kashi ndi credit card kuli ndi chindapusa chake, ndiponso chiwongoladzanja chimayamba kuthamanga tsiku lomwelo. Pogula zinthu m'sitolo pamakhala masiku opumira, makhadi ambiri mpaka 56, bola ubweze yonse pa nthawi yake. Pa kashi palibe chisomo chimenecho.

Ndiye kunabwera chinthu chija amati minimum payment. Mundimvetse bwino apa, chifukwa ambiri a ife tagwera pomwepa. Tinene kuti muli ndi ngongole ya £1,000 pa khadi ya APR 35 peresenti, ndipo makhadi opatsa anthu ongofika kumene amazungulira pamenepo. Chiwongoladzanja cha mwezi umodzi ndi pafupifupi £25. Banki ikakuuzani kuti mwezi uno lipirani £35 yokha, mumaona ngati yakukomerani mtima. Koma pa £35 imeneyo, £10 yokha ndi imene yakhudza ngongole yeniyeni. Inayo yapita. Kwathu timachitcha katapila chinthu chotere, kungoti wa kuno amavala tayi ndipo amakulemberani kalata yaulemu. Ine ndinalipira choncho kwa nthawi yaitali, ndikudabwa kuti bwanji phiri silikutsika. Mwezi wina mashifiti atachepa ndinaphonya kulipira, wotsatiranso chimodzimodzi. Makalata ndinkangowaponya m'dirowa osatsegula, ngati kuti envelopu ikakhala yomata ngongole imagona tulo.

Patapita nthawi ndinafuna galimoto yolipira pang'onopang'ono yoyendera ntchito. Anandikana pamaso pa mkazi wanga. M'pamene ndinadziwa kuti dziko lino lili ndi kaundula. Makampani atatu, Experian, Equifax ndi TransUnion, amasunga mbiri ya mmene munthu aliyense amabwezera ngongole, ndipo kuphonya kulipira kumakhala m'mbiriyo zaka 6. Ndinasala kudya, ndinapemphera, koma cholembedwacho chinachoka pamene zaka zake zinakwana.

Tsono pali abale ena amene akamva umboni wotere amati, mwaonatu, khadi ndi msampha wa mdyerekezi, duleni ndi sizasi. Ndimawalemekeza, ndipo kwa munthu amene dzanja limamuyabwa akangoona SALE, kudulako n'kwabwino ndithu. Koma kwa ambiri a ife sindikugwirizana nazo. Mbiri yanu yabwino ya ku Malawi, kaya munkabweza mokhulupirika ku banki kapena ku banki mkhonde, siinakwere nanu ndege. Kuno mwafika ngati mwana wobadwa dzulo. Tsiku limene mudzafune ngongole ya nyumba, wobwereketsa adzayang'ana m'kaundula muja, ndipo akapeza mopanda kanthu adzakayika, poti sakudziwani. Mlongo wogwira mashifiti asanu ndi limodzi pa sabata, wosakongola ngakhale kobiri kwa munthu, akhoza kukanidwa kapena kupatsidwa chiwongoladzanja chokwera chifukwa chongosowa mbiri. Zimandiwawa, koma ndi mmene zilili.

Khadi yomwe ija ndikadali nayo. Chimene chinasintha n'chakuti masiku ano imagula zinthu ziwiri zokha, mafuta a galimoto ndi zakudya za pa sabata ku Aldi. Izi ndi zinthu zimene ndikanagulabe ndi malipiro anga ngakhale khadi ikanapanda kukhalapo, ndiye ndalama yake imakhala ilipo kale mu akaunti. Ndinaika direct debit yoti izichotsa ngongole YONSE mwezi uliwonse, osati minimum. Chiwongoladzanja sindilipira ngakhale peni imodzi, koma mwezi ndi mwezi kaundula uja akulemba kuti munthuyu amabweza. Ndimayesetsanso kuti ndisapitirire gawo limodzi mwa magawo atatu a malire amene anandipatsa, chifukwa khadi yokhala yodzaza nthawi zonse imaonetsa munthu wopanikizika. Akandilembera kuti akweza malirewo sindichitiranso umboni.

Zina ziwiri mwachidule. Malawi, Zambia ndi Mozambique ali mu Commonwealth, choncho ngati mapepala anu okhalira kuno ali bwino mukhoza kulembetsa m'kaundula wa mavoti ku khonsolo yanu, ndipo obwereketsa amagwiritsa ntchito kaundula ameneyu kutsimikiza adiresi yanu. Komanso lamulo la Consumer Credit Act la 1974, pa Section 75, limateteza chinthu cha mtengo woposa £100 mpaka £30,000 chimene mwagula ndi credit card: wogulitsa akagwa kapena akapanda kukupatsani chimene munalipira, mwini khadi nayenso ali ndi mlandu. N'chifukwa chake tikiti ya ku Lilongwe ndimagula ndi khadi, mwachindunji ku kampani ya ndege, koma pokhapokha ndalama yake ndasunga kale.

Tsopano ndinene mawu amene mwina abusa anzanga ena sawakonda. Musapereke chakhumi, chopereka kapena mbewu ndi credit card imene simungathe kuibweza yonse mwezi womwewo. Ndaona anthu akugunditsa khadi pa kamakina ka zopereka, mtima uli m'mwamba chifukwa mlaliki wanena kuti zibwerera kakhumi, kenako mwezi wamawa akubwera ku ofesi kwanga akulira ndi statement m'manja. Zokolola zanu ndi malipiro anu. Za pa khadi ndi zokolola za banki. Mayi wamasiye uja wa pa 2 Mafumu 4, mafuta atachuluka, Elisa anamuuza kuti akagulitse, abweze kaye ngongole, n'kukhalira zotsalazo iye ndi ana ake. Sanamuuze kuti azibweretse kwa mneneri. Ndauza kale asungichuma athu kuti munthu akafunsa, amuyankhe zomwezi, ngakhale mbale ipepuke.

Ndipo chonde, khadi yanu musabwereke m'bale, ngakhale wa bere limodzi. Iye akadzachedwa, dzina lolembedwa zaka 6 ndi lanu.

Ndikudziwa kuti wina akuwerenga izi pa break ya usiku, dirowa lake lili ngati langa lija. StepChange ndi Citizens Advice amathandiza za ngongole kwaulere, simulipira kanthu. Lamulungu likubwerali tikaweruka ndidzakhala m'kachipinda ka kuseri kaja pamodzi ndi mayi busa, tiyi adzakhalapo. Bwerani ndi maenvelopu anu osatsegulawo, tidzatsegulira limodzi. Amene muli kutali, inbox yanga ndi yotsegula, koma nambala ya khadi kapena PIN musanditumizire.