Tiyang'ane Amene Aima Kumbuyo

Makanema akalekale a nthawi ya atsamunda ayamba kuonekanso. Amene ankangosungidwa m'zitini ku London ndi ku Harare tsopano ena akupezeka pa intaneti, ndipo ana athu akumatumizirana tizidutswa take pa foni. Chimene chikuwasangalatsa kwambiri ndi zovala: madiresi otambalala ositidwa bwino, masuti a mabatani awiriawiri, zipewa zopendeka, nsapato zonyezimira ngati galasi. Akatha kuonera amatiuza kuti kale anthu ankatchena kuposa lero. Ife sitikukana kuti otchena analipo, koma tisanavomere, tiyeni tifunse kaye kuti anajambula makanemawo ndani, ndipo ankafuna chiyani.

Nkhaniyi inayamba kale. Pakati pa 1935 ndi 1937 panali ntchito yotchedwa Bantu Educational Kinema Experiment, imene inkajambula makanema ku Tanganyika ndi ndalama za Carnegie Corporation ya ku America. Anajambula makanema 35, ena olimbikitsa kusunga ndalama ku positi ofesi, ena kumwa tiyi, ena kukhoma msonkho, ndipo anayenda nawo pa lole mpaka kuno ku Nyasaland. Mu 1939 boma la Britain linakhazikitsa Colonial Film Unit, yomwe mu 1940 inatulutsa kanema wotchedwa Mr English at Home, woonetsa tsiku limodzi la banja la kalipentala wa ku England, kuti anthu a kuno aone m'mene mzungu amadzukira, kusamba ndi kudya. Koma amene anatikhudza kwambiri ndi Central African Film Unit, yomwe inayamba mu 1948 ku Salisbury, kumene lero tikuti Harare. Iyi inkajambula makanema a maiko atatu, Nyasaland ndi ma Rhodesia awiri aja, mpaka pamene Chitaganya chinatha mu 1963.

Achikulire akukumbukira m'mene bayisikopo inkafikira. Galimoto inkaima pabwalo dzuwa likupendeka, amfumu atalengeza kale, chinsalu choyera n'kupachikidwa, injini ya magetsi n'kuyamba kulira. Makanema ambiri oonetsa kumidzi analibe mawu. Munthu wina ankaima ndi chimkuzamawu n'kumamasulira zochitikazo m'chiyankhulo cha kumaloko, ndipo akakhala wanthabwala ankathiramo mchere wake umene eni kanemawo sankaudziwa n'komwe.

Tsono taonani m'mene nkhani zake zinkayendera. Kawirikawiri pankakhala anthu awiri, wina wanzeru wina wopusa, monga mu The Two Farmers. Wanzeru ndi amene wamvera mlangizi wa boma, wopusa ndi amene wakakamira za makolo ake. Popeza mawu munalibe, wojambula ankafuna kuti woonera azindikire msanga kuti wanzeru ndi uti, ndipo njira yachidule inali chovala. Womvera boma ankamuveka zaukhondo, mnzake uja n'kumusiya ndi nsanza. Choncho malaya amene mukuwasirirawo nthawi zambiri sanali umboni wa m'mene anthu ankavalira tsiku ndi tsiku. Anali mphotho imene kanemayo ankalonjeza.

Amalonda nawo anaona kuti njirayi ndi yabwino. Mu 1952 ku Southern Rhodesia kunatuluka Mary's Lucky Day, kanema wotsatsa sopo wa Lux, amene nkhani yake ndi ya mtsikana wopeza mwayi wa banja kaamba ka sopoyo. Ukaonera lero umaseka, komanso umachita chidwi ndi kukongola kwa zovala. Koma uthenga wake unali wolemera: kuti mtsikana wa kuno sakwanira mpaka atagula kanthu m'sitolo. Paja akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Ndipo tisaganize kuti makolo athu ankangomeza zonse. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1950 ambiri ankawakayikira makanema a bomawo kuti ndi chida chokometsera Chitaganya chimene iwo ankachikana.

Panalinso makanema a mtundu wina, okopa alendo ndi azungu ofuna kudzakhala kuno. Amenewa ndiye ankaikonda nyanja yathu. Nthawi imeneyo inali ya ndege zotera pamadzi za BOAC, zomwe zinkaima ku Cape Maclear mu 1949 ndi 1950, komanso ya sitima ya Ilala, imene inapangidwa ku Scotland, n'kubwera m'zidutswa, n'kuyamba kuyenda pa nyanja mu 1951. M'makanema otere kutsogolo kumakhala mlendo ali ndi kabudula woyera ndi magalasi a dzuwa. Eni nyanja amaoneka ngati mbali ya malo, chimodzimodzi mlambe kapena mwala: wina akupalasa bwato, wina wasenza katundu, wina akubweretsa tiyi.

Apa ndi pamene ife tikuti makanemawa ndi chuma, ngakhale anawajambula ndi zolinga zina. Wojambula ankatha kuveka anthu awiri kapena atatu a kutsogolo, koma sakanatha kuveka msika wonse, kapena khamu lodikira sitima pa doko. Amene aima kumbuyo, amene angodutsa, mwana amene wasuzumira kuseri kwa amayi ake, amenewo anabwera ndi zovala zawozawo. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Imitsani chithunzicho, musiye kaye mkwatibwi wa sopo uja, muyang'ane m'mphepete.

Yambani ndi mapazi. Werengani ovala nsapato ndi oyenda pansi, ndipo mudziwa zambiri za malipiro a nthawi imeneyo kuposa zimene womasulira akananena. Kenaka yang'anani amayi. Ambiri simuwapeza mu diresi, koma mu chilundu, nsalu yomanga pachifuwa, ena ndi biriwita wakuda, mpango kumutu, mikanda m'khosi. Chithunzi chikakhala chooneka bwino, ndipo chikakhala cha kunyanja kuno, mwina muona chipini pamphuno, chimene atsikana a lero ambiri sanachionepo ndi maso.

Nsalu zimenezi zili ndi mbiri yaitali kuposa Chitaganya. Merikani, nsalu yoyera yosapaka utoto ija, inatenga dzina kuchokera ku America, popeza m'zaka za m'ma 1800 amalonda a ku Massachusetts ankaibweretsa ku Zanzibar pa zombo. Kaniki, yakuda mobiriwira, inkachokera ku India. Zonsezi zinkafika kunyanja kuno pamitu ya anthu a mtengatenga, kudzera njira za ku Kilwa ndi madoko ena, kubwera kwa a Jumbe ku Nkhotakota, kwa Makanjira ndi kwa Mponda. Njira zomwezo ndi zimene zinabweretsa kanzu ndi kofiya. Choncho mukaona bambo wa kanzu yoyera ataima kumbuyo kwa khamu ku Fort Johnston, kumene lero ndi Mangochi, kapena ku Kota Kota, dziwani kuti kutchena kwake sanakuphunzire ku bayisikopo. Anthu a kunyanja ankadziwa nsalu yabwino ndi yachabe mzungu wa kanema asanabadwe. Koma makanema ophunzitsa aja, pofuna kuonetsa munthu wotukuka, ankasankha kolala ndi tayi.

Nanga masuti enieni aja ankachokera kuti? Ambiri ankabwera m'masutikesi a anthu obwerera ku Joni ndi ku Salisbury, amene anapita ndi Wenela kapena paokha. Munthu ankatsika basi ali ndi jekete, chipewa ndi njinga ya Humber kapena Raleigh, mudzi wonse n'kutuluka. Zimene kanema saonetsa ndi zaka zimene mkazi wake anakhala akulima yekha, kapena matchona amene sanabwerenso. Zovala zina zinkasokedwa konkuno ndi atelala okhala pakhonde la sitolo ya mmwenye ndi makina a Singer opalasa ndi phazi. Unkagula nsalu m'kati, n'kutuluka nayo panja kukayezetsa. Kusita kunali kwa simbi ya makala, ndipo amene anaotchapo malaya a bambo awo ndi kakhala kothothoka akudziwa kuti mzere wa pa thalauza sunali wamasewera.

Chenjezo lomweli likhudzanso makanema a pambuyo pa ufulu wa 1964. Mukaona amayi onse ali mu zitenje ndi madiresi ofika m'munsi, kumbukirani kuti fakitale ya David Whitehead inayamba kupanga nsalu ku Blantyre mu 1967, ndiponso kuti mu 1973 kunabwera lamulo loletsa akazi kuvala mathalauza ndi masiketi aafupi, lomwe linachotsedwa pamene dziko linkalowa m'ndale za zipani zambiri. Ena ankavala motero mwa kufuna kwawo ndi mwa chikhulupiriro chawo, ena poopa. Kanema payekha sangakuuzeni kuti uyu ndi uti.

Amene angakuuzeni alipo, koma akutha. Mwana amene anakhala pansi kutsogolo kwa chinsalu choyera mu 1955 lero wayandikira zaka 80 kapena wadutsa. Tsiku lina madzulo, mukatha kudya, perekani foniyo kwa agogo, muchepetse mawu a mzungu wofotokozayo, iwo akhale womasulira. Afunseni dzina la nsalu iliyonse, mtengo wake m'masheleni, sitolo imene inkagulitsa, kaya kwa Mandala kaya kwa mmwenye, ndi nthawi imene munthu ankaivala. Mwana mmodzi akhale ndi kope ndi cholembera, chifukwa dzina limene agogo a ku Nkhotakota atchule likhoza kusiyana ndi la agogo a ku Malindi, nsalu ili imodzimodzi.