Musanalipire lendi, funsani ngati apolisi amabwera usiku

Kumapeto kwa mwezi uliwonse, misewu ya mu Kanyama, Chawama ndi George imadzaza ndi mawilibala ndi tumagalimoto tonyamula mabedi, mbaula ndi masaka a ziwiya. Ena akucoka cifukwa landilodi wakweza lendi. Ena atopa ndi madzi olowa m'nyumba nthawi ya mvula. Palinso ena amene akuti Lusaka yawakwana, afuna kukayamba moyo ku tauni yocepako monga Kafue, Chongwe, Kabwe kapena Chipata. Mukawafunsa cifukwa cake, lendi imabwera poyamba, koma posacedwa mudzamva liu lina: majanki. Ati munthu sungayende na foni m'manja ikakwana 19 koloko, ati mwana wa sukulu amulanda cikwama masana dzuwa likuswa mtengo.

Mantha amenewa ndi enieni. Koma funso limene wosamuka ayenera kudzifunsa ndi lakuti: kodi kusintha komboni, kapena kusintha tauni, kumagula citetezo? Ambiri amayankha poyang'ana zinthu ziwiri cabe, dzina la malo ndi nyumba ya polisi imene ili pafupi. Zonse ziwirizi zimanama nthawi zambiri.

Tiyambe ndi dzina. Mu Lusaka komboni iliyonse ili ndi mbiri imene anthu anaipacika. Matero ndi ya anyamata olimba mtima, Chibolya ndi ya camba, Kalingalinga ndi ya akalipentala ndi owocelera zitseko m'mbali mwa Alick Nkhata Road, Mtendere ati dzina lokha likunena zonse. Koma makomboni awa sanabadwe mofanana, ndipo m'kati mwake simufanana. Matero yakale inamangidwa ndi khansolo m'zaka za m'ma 1950, ndiye cifukwa cake ili ndi misewu yolunjika ndi manambala a nyumba. Mtendere inayamba ngati malo opimidwa kumene anthu anapatsidwa mapuloti kuti adzimangire okha. George, Chawama ndi mbali yaikulu ya Kanyama zinakula popanda pulani, pa mafamu ndi pafupi ndi migodi ya miyala, ndipo boma linayamba kuzibvomereza ndi lamulo la nyumba la 1974. Pambuyo pake anthu anapitiriza kumanga m'mipata yonse imene inatsala.

Zotsatira zake n'zakuti mu komboni imodzi muli maiko awiri. Kuli mbali imene galimoto imafika pakhomo, ndiponso kuli mbali imene njira ndi yopapatiza mwakuti maliro amanyamulidwa pamanja mpaka ku mseu. Galimoto ya polisi ingakhale yatsopano bwanji, sidzalowa kumene kulibe njira. Mu Kanyama, kumene pansi pali thanthwe ndipo madzi samira msanga, misewu ina imakhala madamu kuyambira Januwale mpaka Malichi. Munthu amene akukhala mu Chawama m'mbali mwa mseu wa tala angakhale wotetezeka kuposa amene ali kumapeto kwa Mtendere kumene kulibe laiti. Conco dzina la komboni silikuuzani zambiri. Cimene cikuuzani zoona ndi seksheni, ndi mseu weniweni umene mudzayendamo pocoka pa siteshoni ya basi usiku.

Caciwiri ndi nyumba ya polisi. Landilodi wocenjera amakonda kunena kuti, "Apa pali bwino, police post ili cabe apo." Zoonadi, Kanyama, Matero ndi Chawama zili ndi mapolisi siteshoni aakulu, ndipo Kalingalinga, Mtendere ndi George zili ndi ma police post. Koma cipupa copakidwa penti sicithamangitsa kawalala. Dandaulo limene limamveka m'makomboni onse ndi lofanana: mukapita usiku mupeza ofisala mmodzi kapena awiri, sangasiye ofesi yokha, ndipo yankho ndi lakuti kulibe transport. Wodandaula amauzidwa kupeza yekha galimoto kapena kugula mafuta. Amene ali ndi ndalama amathandizidwa, amene alibe amabwerera kunyumba ndi cilonda cake.

Si nkhani ya ulesi wa ofisala cabe. Onani manambala. Kalembera wa 2022 anapeza kuti boma la Lusaka lili ndi anthu opitirira 2.2 miliyoni, ndipo pafupifupi anthu 7 mwa 10 alionse mu mzinda uno amakhala m'makomboni. Mu 2022, constituency ya Kanyama yokha inali ndi anthu opitirira 500,000. Cimeneci n'ciwerengero coposa boma lonse la Kabwe, coposanso boma lonse la Chipata. Pamene boma linagula magalimoto 156 a apolisi ndi ndalama za CDF, linagawa imodzi pa constituency iliyonse. Inali nkhani yabwino, maka-maka kumidzi kumene apolisi anali kuyenda pansi. Koma tanthauzo lake n'lakuti Kanyama inalandira cimodzimodzi ndi constituency ya kumudzi ya anthu ocepa kwambiri. Munali, kumene kuli Mtendere ndi Kalingalinga, imodzi. Matero, imene panthawiyo inali ndi George ndi Lilanda, imodzi. Kugawa mofanana pamene anthu safanana kuculuka ndi kumana amene ali ambiri.

Onjezerani mdima. M'caka ca 2024, cilala citacepetsa madzi ku Kariba, madera ambiri anali kukhala opanda malaiti mpaka maola 21 pa tsiku. Kumayadi anayatsa majenereta ndi masola, ndipo ali ndi mipanda ndi makampani a alonda. Ku komboni kunali mdima wa bii, foni yatha moto, ndipo ngakhale nambala ya 991 simungaiimbe. Makamera amene anaikidwa m'misewu ikulu-ikulu ya mzinda sayang'ana kanjira ka kuseri kwa msika kumene mayi wogulitsa tomato amapita 04 koloko kukakwera basi ya ku Soweto.

N'cifukwa ciani nkhaniyi ndi yaikulu kuposa foni yobedwa? Cifukwa Lusaka inaona kale zimene zimacitika anthu akataya cikhulupiriro mwa apolisi. Mu Epulo 2016, mitembo yocotsedwa ziwalo itapezeka m'madera a George ndi Zingalume, mphekesera zinaloza alendo. Mashopu ambiri a anthu a ku Rwanda anaphwanyidwa ndi kubedwa, anthu awiri anatenthedwa amoyo mu Kanyama, ndipo mabanja a alendo anathawira ku chalichi ca St Ignatius. Panafunika asilikali kuti bata libwerere. Kuciyambi kwa 2020 kunabwera nkhani ya gassing, imene inayambira ku Chingola n'kufalikira dziko lonse. Anthu anasiya kugona, anayamba kulondera okha ndi zibonga ndi zikwanje. Aliyense wosadziwika anakhala mdani. Pulezidenti wa nthawiyo, a Edgar Lungu, anauza nyumba ya malamulo kuti anthu 50 anaphedwa ndi magulu a anthu okwiya.

Amene akusamuka aganizire bwino mfundo iyi. Pa nthawi ngati zimenezo, munthu amene ali pa ngozi kwambiri ndi mlendo, amene sadziwika ndi aneba, amene wasocera pofunafuna nyumba ya m'bale wake. Mukasamukira kumalo kumene anthu anazolowera kuweruza okha milandu, mlendo woyamba kukaikiridwa ndi inu.

Manje tiyeni ku matauni ocepako. Pali zabwino zenizeni. Lendi nthawi zambiri ndi yochipa kuposa ya mu Lusaka, mitunda ndi yaifupi, ndipo anthu amadziwana. Kawalala wa mu tauni yaing'ono amabvutika kubisala cifukwa aliyense adziwa amake. Koma matauni awa anamangidwa pa pulani imodzimodzi ya atsamunda: mayadi mbali ina, komboni mbali ina. Kabwe, makilomita pafupifupi 140 kumpoto, ili ndi Makululu, imodzi mwa makomboni aakulu kwambiri m'dziko muno. Kumeneko funso la citetezo lili ndi mbali ina imene polisi singathetse: dothi la ku Kasanda, Chowa ndi Makululu lili ndi mtovu wocokera ku mgodi umene unatsekedwa mu 1994, ndipo umabvulaza ana. Chipata, imene inakhala mzinda mu 2017, ili ndi Kalongwezi, komanso ili ndi Mchini ndi Nabvutika. Kafue ili ndi Estates, komanso ili ndi Zambia Compound. Munthu wocoka ku George ndi ndalama za lendi ya ku George adzapeza kuti ndalama zakezo zikumufikitsa ku komboni ina, osati kumayadi.

Pali msampha winanso wa mapuloti atsopano. Ku Chongwe, Kafue ndi m'mbali mwa Lusaka, anthu akumanga kutali ndi misewu, pakati pa nyumba zosatha. Masana onse ali ku nchito mu tauni, nyumba zatsala zokha. Kuli zii, inde, koma zii si citetezo. Mu Kalingalinga mukakuwa, zitseko khumi zimatseguka. Pa puloti ya kutali mukakuwa, amayankha ndi agalu, ndipo polisi ili makilomita ambiri.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Musanapereke lendi ya miyezi itatu, citani kafukufuku wanu, ndipo musafunse landilodi kapena ejenti, cifukwa iwo afuna ndalama yanu. Pitani kumaloko kawiri, masana ndi madzulo, maka-maka Lacisanu kapena pa mapeto a mwezi, muone kuti mabala ndi mashabini ali kuti ndipo atseka nthawi yanji. Funsani mayi wa pa kantemba kuti amatseka nthawi yanji, ndipo cifukwa ciani. Kantemba kotseka 18 koloko kakuuzani zambiri kuposa cikwangwani ca polisi. Funsani madalaivala a mataxi ngati amabvomera kulowa mu seksheni imeneyo usiku. Funsani aneba kuti nthawi yomaliza imene nyumba inathyoledwa, apolisi anabwera patapita nthawi yaitali bwanji, ndipo mlanduwo unathera kuti.

Lowaninso pa police post penipeni, si mlandu. Funsani kuti usiku pamakhala maofisala angati, ngati pali galimoto, ndiponso nambala ya foni ya woyang'anira. Funsani ngati pali Victim Support Unit pafupi, cifukwa ngozi zambiri za amai ndi ana sizicokera ku majanki a mumseu, zimacokera m'nyumba. Funsani za neighbourhood watch: ndani amaitsogolera, kodi imagwira nchito pamodzi ndi apolisi, ndipo ndalama imene amatolera pakhomo lililonse imapita kuti. Gulu labwino limagwira wokaikiridwa n'kumupereka ku polisi. Gulu loipa limamenya, limalipiritsa, ndipo m'kupita kwa nthawi simungalisiyanitse ndi anyamata amene linabwera kudzathamangitsa. Kaonekedwe ka ofisala pokulandirani ndi yankho kale. Ngati wayamba ndi nchekelako pa funso cabe, mwadziwa zimene zidzacitika tsiku la bvuto.

Dziwaninso ufulu wanu kulikonse kumene mupita. Police bond ndi yaulere, siigulitsidwa. Ngati ofisala wakucitirani zosayenera, kuli Police Public Complaints Commission imene nchito yake ndi kumva madandaulo otere. Pa nkhanza za m'banja pali nambala yaulere ya 933, ndipo ya ana ndi 116.

Koma tinene zoona, ambiri a ife sitidzasamuka. Nchito zili kuno, ku Soweto, ku City Market, ku mafakitale a m'mbali mwa Mumbwa Road, m'mayadi a Kabulonga kumene anthu a ku Mtendere ndi Kalingalinga amayenda pansi m'mawa uliwonse. Wogulitsa salaula sangathawire ku Kabwe n'kusiya makasitomala ake. Kwa anthu amenewa, yankho si kusaka komboni yabwino koma kukonza imene alimo, ndipo ndalama zake zilipo. CDF inakwera kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni mu 2022, ndipo yakhala ikukwera caka ndi caka. Mapulojekiti amayambira ku Ward Development Committee. Malaiti a sola m'njira za kumsika, kutsegula misewu yotsekedwa, ngalande, ndi nyumba za apolisi pafupi ndi police post, zonsezi ndi zinthu zimene anthu angapemphe pa misonkhano imeneyo. Bvuto n'lakuti misonkhano imacitika anthu ali ku nchito, ndipo amene amapita ndi omwewo nthawi zonse.

Ku mbali ya boma, unduna woona za m'dziko ndi akuluakulu a Zambia Police Service ali ndi ngongole ziwiri kwa anthu a m'makomboni. Yoyamba ndi kugawa maofisala, magalimoto ndi mafuta molingana ndi kuculuka kwa anthu, osati molingana ndi malire a ndale. Yaciwiri ndi kuulutsa ziwerengero za milandu siteshoni ndi siteshoni, kuti banja lofuna nyumba lisadalire mphekesera za pa Facebook. Kugwira anyamata mazana pa opareshoni imodzi kumaoneka bwino pa TV, koma anthu amaweruza polisi ndi usiku wamba, pamene kulibe kamera.

Ngati mwatsimikiza kupita ku Kabwe, Kafue kapena Chipata, pitani, mwina mudzapezadi mpumulo. Koma nyamulani mafunso awa pamodzi ndi mbaula yanu. Ndipo ngati mutsala, funsani kansala wanu tsiku la msonkhano wotsatira wa WDC, mupite ndi aneba anu.