Phwando la mafupa ku Labrador

Bando yanga ya sabata yatha inathera ku Labrador, kumpoto chakum'mawa kwa Canada. Ndinayamba n'kungoyendetsa chala pa mapu, basi ndapezeka ndakakamira pa mapiri a Mealy, kum'mwera kwa nyanja ya Melville. Eni dera, anthu a mtundu wa Innu, amawatcha Akami-uapishku, kutanthauza mapiri oyera a kutsidya. Mu 2015 malo okwana masikweya kilomita 10,700 anasandutsidwa paki, koma mpaka lero kulibe msewu wolowerako. M'munsi muli nkhalango ya mitengo yonga paini ndi madambo, pamwamba miyala yokhayokha ndi mphepo.

Koma chandigwira mtima si mapiriwo ayi. Ndi caribou, nyama yonga gwape wamkulu, yomwe yaimuna ndi yaikazi yomwe imamera nyanga. M'nyengo yozizira imafukula chipale ndi ziboda kuti idye ndere za pansi.

Kwa a Innu, caribou si ndiwo chabe. Akapha, amachita phwando lotchedwa makushan. Amasinja mafupa a miyendo, kuwaphika, mafuta a m'mafupamo n'kudyera pamodzi akuluakulu akuyang'anira. Osataya ngakhale kachidutswa, galu osayandikira. Amakhulupirira kuti nyamazi zili ndi mwini wake wauzimu, ndipo ukazinyoza amakumana. Inu, ine amene ndimasiya fupa la nkhuku m'mbale lili ndi mnofu, manyazi anandigwira.

Caribou za m'mapiri a Mealy n'zochepa ndipo zili pachiopsezo. Koma zoopsa zenizeni zachitikira gulu lalikulu la chakumpoto, la mtsinje wa George. Cha m'ma 1990 zinalipo pafupifupi 800,000. Pofika 2018 zinatsala 5,500 zokha. Werenganinso manambalawo.

Boma la chigawo cha Newfoundland ndi Labrador linaletsa kusaka gululi mu 2013. Alenje ena a ku Sheshatshiu anapitabe kutchire, nkhani inakathera kukhoti. Apa ndiye mutu wanga unaima. Chiletso ndikuchimvetsa, nyama ikatha yatha. Komabe sindingamutche wakuba mkulu amene akufuna mdzukulu wake aphunzire kusinja fupa, poti makushan siphunziridwa pa YouTube. Anthuwa akhala ndi caribou zaka zikwizikwi m'dziko lomwe amalitcha Nitassinan, dziko lathu. Kukhazikika m'midzi chaka chonse anayamba cha m'ma 1960 pomwepa.

Mwana wa ku Sheshatshiu amene anabadwa chaka cha chiletsocho, pano ndi mnyamata wamkulu ndithu, mwinanso ali ndi foni ngati yanuyo.